Feteleza, Mbeya, nandolo kapena gilirisidiya: munda woguga wa ku Zomba tiupatse chiyani?

Munda ukaguga sumabisa. Chimanga chimachita chikasu chisanafike m'mawondo, kaufiti amatuluka ndi timaluwa take tofiira m'mbali mwa mapando, ndipo mvula ikangodukiza sabata imodzi masamba amayamba kupotana. Minda yotere ilipo yambiri ku Zomba kuno, kuyambira ku Thondwe ndi ku Dzaone mpaka kutsetserekera ku Chingale. Malo ndi ochepa, anthu tachuluka, ndipo palibe angagoneke munda zaka ziwiri monga ankachitira agogo athu. Chimanga chimabwerera pamzere womwewo chaka ndi chaka, ndiye pofika Okutobala aliyense mutu umakhala uli pa zoti athiremo chiyani.

Njira zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi oichemerera. Koma ochemererawo amakonda kutchula zokolola zokha, osatchula zimene njirayo imafuna kwa mwini munda. Ina imafuna ndalama, ina thukuta, ina ziweto, ina zaka zodikira pamunda umene muli ndi chitsimikizo choti ndi wanu. Banja lililonse limaperewera pena, ndipo pamene mwaperewerapo ndi pamene payenera kukusankhirani njira.

Tiyambe ndi feteleza wa m'sitolo, popeza ndi amene aliyense amamulakalaka. Mphamvu yake siyokayikitsa. M'thumba la Urea la makilogalamu 50 muli nayitrojeni wokwana makilogalamu 23, ndipo m'thumba la NPK, uja wolembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, muli makilogalamu 11.5 pamodzi ndi michere ina. Nayitrojeni ndiye mchere umene chimanga chimaufuna kwambiri, ndipo palibe china chimene mungachinyamule panjinga n'kukhala nacho chochuluka chotere. Muyezo wakale wa alangizi pa hekitala imodzi ya chimanga cha haibulidi ndi matumba awiri a wokulitsa (NPK) ndi atatu a wobereketsa (Urea). Kodi ndi mabanja angati ku Mayaka kapena ku Nsondole angagule matumba asanu? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale thumba limodzi linasanduka nkhani yoyamba kukambirana pabanja. Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo, kaya mukuitcha FISP monga inayambira mu 2005 kapena AIP monga inatchedwera mu 2020, imafikira ena n'kusiya ena, ndipo zaka zina feteleza wake amafika chimanga chili m'chiuno. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munda suyenera kudikira dzina limene mwina silituluka pamndandanda wa olandira.

Vuto lina la feteleza n'lakuti amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho basi. Nthaka saikonza. Ikakhala youma gwa kapena ya mchenga wokhawokha, madzi sakhalitsa, ndipo feteleza wopanda chinyontho sagwira ntchito. Ng'amba ya kumayambiriro kwa 2024 inaonetsa zimenezi poyera: anthu anathira, dzuwa linawomba, ndalama n'kupsera m'munda. Mvula ikachulukanso, ngati ya namondwe Ana mu Januwale 2022, minda ya m'matsitso a phiri la Zomba ndi Malosa imakokoloka pamodzi ndi feteleza yemwe. Komanso Urea wothiridwa yekha zaka zambiri amaonjezera asidi m'nthaka. Ngakhale zili choncho, ine sindingauze munthu kuti amusiyiretu. Amene wapeza pang'ono angomuthira mwaluso: wokulitsa pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata atatu, pakadzenje ka pakati pa mapando, n'kukwirira. Urea wongomwazidwa pamwamba dzuwa likuswa mtengo, gawo lina limauluka.

Manyowa ali mbali inayo. Ndalama safuna, koma msana umadziwa. Kaya ndi a padzenje, a chimato omata ndi dothi, kapena a changu otembenuza pafupipafupi, onse amafuna zinyalala zambiri, ndowe, madzi otunga m'chilimwe pamene mijigo ili ndi mizere yaitali, kenako kuwatutira kumunda. Chimene ambiri sanena ndi kuchuluka kwake kofunika. Kompositi wamba amakhala ndi nayitrojeni pafupifupi kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa makilogalamu 100 aliwonse, ndiye kuti mufanane ndi thumba limodzi la Urea mukufunika manyowa opitirira tani imodzi, mwinanso awiri. Munda ukakhala kuseri kwa nyumba zimenezo n'zotheka ndi wilibala. Ukakhala kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa ola limodzi ndi dengu pamutu, ambiri amalekezera pa mizere khumi.

Ubwino wake ndi womwe feteleza alibe: nthaka imafewa, imasunga chinyontho, nyongolotsi zimabwerera, ndipo mphamvu yake imafika chaka chinacho. N'chifukwa chake manyowa ochepa ndi bwino kuwathira paphando, manja awiri odzaza, m'malo mowamwaza munda wonse. Ndipo ngati ndi ochepetsetsa, apite kudimba. Bedi la mpiru kapena tomato wokagulitsa pamsika wa Zomba kapena pa Songani limabweza thukuta la manyowa msanga kuposa mzere wa chimanga. Amene ali ndi mbuzi amange khola la m'mwamba kuti ndowe zizigwera pansi malo amodzi. Mbuzi zogona m'khitchini manyowa ake amathera pa tsache. Chenjezo ndi limodzi: manyowa osapsa amatentha mizu, amaitana chiswe, ndipo amabzala udzu m'munda.

Tsono pali Mbeya, feteleza wosakaniza pakhomo amene watchuka kwambiri zaka zapitazi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Kapangidwe kake kamasiyana malinga ndi amene wakuphunzitsani, koma kofala ndi aka: ndowe zouma zosinja pafupifupi makilogalamu 20, gaga makilogalamu 20, phulusa losefa makilogalamu 10, feteleza makilogalamu 10, ndi madzi malita asanu. Mumasakaniza, n'kuika m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga ndithu kuti mpweya usalowe, n'kudikira masiku 21. Mukatsegula mumayanika pamthunzi. Wa NPK amakhala wokulitsa, wa Urea wobereketsa. Ndiye anthu amati thumba limodzi labereka matumba asanu.

Matumba asanuwo ndi oona. Koma tiwerengere. Makilogalamu 10 a Urea muli nayitrojeni makilogalamu 4.6. Ndowe ndi gaga zimaonjezerapo pang'ono, koma thumba la Mbeya silingafike ngakhale pa theka la makilogalamu 23 a thumba la Urea. Kuonjezera apo, phulusa likakumana ndi Urea pachinyontho limathamangitsa gawo lina la nayitrojeni. Fungo lobaya m'mphuno limene limakulandirani mukamamasula thumba ndi nayitrojeni amene akuthawa. Amene amathira Mbeya ndi kachitsekerero ka botolo, muyezo womwewo wa feteleza wa m'sitolo, akudzinyenga. Amafunika wochuluka paphando.

Nanga bwanji anthu ambiri amamuyamikira? Chifukwa chilipo ndithu. Munthu wa thumba limodzi kale ankathira kachigawo ka munda, kwinako n'kusiya chimanga chikulira. Ndi Mbeya munda wonse umalawako, ndipo panthaka yanjala feteleza woyambirira pang'onoyo ndi amene amabweza kwambiri. Ndowe ndi gaga zimagwira chinyontho paphando, phulusa limabweretsa potaziyamu ndi kuchepetsa asidi. Choncho Mbeya ndi njira yabwino yotambasulira feteleza wochepa. Kungoti asamalengezedwe ngati wofanana ndi wa m'sitolo thumba kwa thumba.

Ku Zomba kuno Mbeya ali ndi mavuto akeake. Gaga ali ndi eni ake ambiri: oweta nkhuku ku Chinamwali ndi ku Matawale, a maiwe a nsomba ku Chingale ndi ku Domasi, otcheza kachasu, ndipo chaka cha njala amalowanso mumphika. Mtengo wake pachigayo umakwera nthawi yomweyo imene mukumufuna, choncho wofuna Mbeya azisunga gaga wake akamakonola kuyambira Meyi. Aphunzitsi ena amalimbikira ndowe za nkhumba, pamene m'midzi yambiri ya kwa Malemia ndi kwa Kuntumanje abale athu achisilamu saweta nkhumba. Palibe chodetsa nkhawa: zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kwambiri, ndowe za mbuzi nazonso zimagwira. Wokhala pafupi ndi tawuni akhoza kugula zitosi kwa oweta nkhuku za nyama. Zosakanikirana ndi utuchi wambiri zokha ndiye zofooka.

Njira imene ine ndimaiika patsogolo ndi yomwe ili kale m'minda yathu, ndipo mwina n'chifukwa chake siitchulidwa pamisonkhano: nandolo. Kuchigawo cha kummwera kuno pafupifupi aliyense amaponya nandolo m'chimanga, koma ambiri amamubzala patalipatali, pongofuna makata ndi ndiwo. Nandolo ndi mbewu ya gulu la nyemba. Pamizu pake pamakhala timibulu momwe tizilombo tosaoneka ndi maso timakoka nayitrojeni mumpweya. Amakula pang'onopang'ono miyezi yoyamba, ndiye salimbana ndi chimanga. Chimanga chikachoka iye ndi pamene amatambasuka, n'kumayoyola masamba mpaka pansi kuchita kudera. Muzu wake umaboola nthaka yolimba ija ya pansi pa mizere, pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka, ndipo madzi a mvula amadzatsata njira yomweyo. Mukakolola mwapeza ndiwo, ya sopo, ndi nkhuni za mitengo yake, zimene kwa amayi a m'munsi mwa phiri, kumene nkhalango yatha, si nkhani yaing'ono.

Phindu la m'nthaka limabwera ngati nandolo wabzalidwa mokwanira ndipo masamba ake akwiriridwa pogalauza. Mukawasesa n'kuyatsa moto, mwatentha feteleza wanu. Amene angathe apatule kachigawo ka munda n'kubzalapo nandolo ndi mtedza pamodzi, popanda chimanga. Mtedza, kaya CG7 kaya Chalimbana, umakhwima n'kuchoka nandolo asanatseke mthunzi, zotsalira zake n'kukwiriridwa pomwepo. Chaka chotsatira pamenepo pabwere chimanga, nandolo ndi mtedza zisamukire chigawo china. Kasinthasintha wotere amafooketsanso kaufiti, chifukwa kaufiti wa m'chimanga sayamwa pamizu ya mtedza. Chovuta chake n'chodziwikiratu: wa munda wosakwana ekala amaona ngati mzere uliwonse wopanda chimanga ndi njala ya Febuluwale. Woteroyo ayambe ndi kachigawo kamene chimanga chimakanika kale, sakutayapo kanthu.

Nandolo ali ndi adani awiri. Woyamba ndi mbuzi zomasulidwa chimanga chikangokololedwa, pamene mitundu yochedwa imakhala m'munda mpaka Ogasiti kapena Sepitembala. Mudzi ukapanda lamulo la ziweto, mtundu wocha msanga ngati Mthawajuni umapulumukako, ngakhale kuti wokhalitsa ndi amene amasiya masamba ambiri. Wachiwiri ndi msika. Ambiri akukumbukira 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kumeneko, mtengo unagwa mpaka anthu kusiya kukolola. Wobzala nandolo poyembekezera mavenda okha adzakhumudwa chaka china. Wobzala chifukwa cha nthaka ndi mphika, ya mavenda n'kukhala yapamwamba, sagwa nawo msika.

Ena amatchula kalongonda, amene amaphimba nthaka ndi masamba ambiri kuposa nandolo. N'zoona, koma amayanga pachimanga n'kuchigwetsa ngati wabzalidwa msanga, ndipo nyemba zake zimafuna kuphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi zimazunguza mutu. Nkhuni zake zilipo?

Pa mitengo yobwezeretsa chonde, Zomba ili ndi mbiri yake. Ku Makoka, malo a kafukufuku wa zaulimi pafupi ndi Thondwe, akatswiri a bungwe la ICRAF, lofufuza za mitengo ya m'minda, anayamba kuyesa kulima chimanga pamodzi ndi gilirisidiya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo munda woyeserawo unapitirira zaka zambiri. Chimene anapeza n'chakuti chimanga cha m'gilirisidiya, chopanda feteleza, chinkabereka kupitirira kawiri poyerekeza ndi chimanga chopanda chilichonse, ndipo akathirako feteleza pang'ono zokolola zinkakweranso. Ubwino wa umboni umenewu ndi woti ndi wa nthaka yathu ndi mvula yathu yomwe.

Gilirisidiya ndi mtengo wochokera ku Central America. Mumafesa kunazale mvula isanayambe, n'kuwokera m'makwawa a pakati pa mizere, kulumpha khwawa limodzi. Ukakula mumaudula kutsala chitsa chosafika m'bondo, umaphukira, ndipo masamba ndi nsonga zanthete mumazikwirira m'mizere: pogalauza, kenako kawiri chimanga chili m'munda. Chitsa chimodzi chimakutumikirani zaka zambirimbiri, manyowa ake amapangikira m'munda momwemo osasenza, ndipo nthambi ndi nkhuni. Koma chaka choyamba ndi chachiwiri simuona kanthu; kusintha kumayamba kuoneka cha m'chaka chachitatu. Kudulira kwa Disembala ndi Januwale kumagundana ndi kupalira ndi kubandira, nthawi yomwe ambiri amakhala ali paganyu m'minda ya eni. Mukachedwa kudulira, mtengo umaphimba chimanga n'kukulandani zomwe mumafuna kupeza. Mbande zimafunanso kuzitchinjiriza ku chiswe, mbuzi ndi moto.

Palinso nkhani imene pamsonkhano wa alangizi sikambidwa koma kumudzi aliyense amaidziwa. Kwathu kuno munda umayendera kuchikazi, ndipo bambo amene ali pachikamwini nthawi zina amagwa ulesi kubzala mitengo pamalo pamene mawa akhoza kuchokapo. Choncho nkhani ya gilirisidiya imayenda bwino mayi mwini munda akaigwira yekha, kapena banja likakhala pansi n'kugwirizana, eni mbumba akudziwa.

Nsangu ndi wabwino koposa pa ulesi wake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kumakula pansi pake popanda mthunzi, ndipo sufuna kudulira. Umakonda malo otsika a nthaka yakuya, monga kuchigwa cha Chilwa ndi kufupi ndi Shire. Koma umatenga zaka zoposa khumi kuti uyambe kuthandiza. Mukaupeza wamera wokha m'munda, usiyeni. Kuubzala ndi mphatso ya ana. Ombwe ndiye wachangu, chaka chimodzi kapena ziwiri wapereka masamba, ndipo madzi a masamba ake ena amapopera tizilombo. Asamatsukidwire kumtsinje kapena pafupi ndi dziwe, chifukwa amapha nsomba.

Mtayakhasu ndimuika payekha popeza si chakudya cha nthaka kwenikweni koma kasamalidwe kake: osatembenuza nthaka, kuiphimba ndi mapesi, ndi kusinthasintha mbewu. Kumalo otentha a mvula yodukizadukiza, monga ku Chingale ndi ku Masaula, kuphimbira kumapulumutsa chimanga pa ng'amba, ndipo ntchito yogalauza m'dzuwa la Okutobala imachepa. Koma kumakande a kuchigwa cha Chilwa, cha ku Jali mpaka ku Kachulu, kumene madzi amadikha mvula ikachuluka, kusiya mizere n'kuphimbira kukhoza kumiza chimanga. Zaka zoyamba udzu umavuta, ndipo ambiri amathera ku mankhwala opha udzu, omwenso ndi ndalama. Mapesi akamaola amayamba abwereka nayitrojeni wa m'nthaka, chimanga n'kuchita chikasu ngati simunathire kanthu. Ndiye pali osaka mbewa ndi machesi awo. Komanso mapesi ndi omwewo: simungawaphimbire m'munda, kuwapangira kompositi, n'kuwasonkheranso pamoto. Munda wachitsanzo wa m'mbali mwa msewu umaoneka bwino chifukwa mapesi ake atutidwa m'minda itatu.

Kumatsitso, chilichonse mwa izi chimapita ndi madzi ngati mizere ikuloza kumtsinje. Mizere ya akalozera yopingasa matsitso, udzu wa vetiva ndi ngonyeka zibwere poyamba. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'minda ya m'mapiri mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kawiri.

Ndiye mutenge iti? Banja la munda wakewake, lopanda ziweto, la ndalama yongokwana theka la thumba, ine ndingaliuze kuti lichulukitse nandolo munda wonse, lisatenthe chinyalala chilichonse, feteleza wochepayo limutambasule ndi Mbeya ngati gaga ndi zitosi zikupezeka pafupi, ndipo liyambe gilirisidiya pa mizere yochepa imene lingathe kudulira panthawi yake. Wokhala ndi mbuzi kapena nkhuku zambiri ali kale patsogolo: manyowa paphando pobzala, Urea pang'ono pobereketsa, wokulitsa akhoza kumuchepetsa. Nkhalamba kapena mayi amene ali yekha ndi ana aang'ono asadzipweteke ndi maenje a kompositi. Nandolo ndi mtedza sizifuna kusenza, ndipo zimafika mumphika. Wapantchito m'tawuni amene amalima ndi aganyu kumudzi ndalama ya feteleza ali nayo, koma ndi amene munda wake umaguga msanga, chifukwa waganyu amalipidwa pa mizere ndipo kutentha zinyalala kumamufulumizitsira ntchito. Pangano la ganyu lizinena poyera kuti mapesi akwiriridwe.

Wa munda wa lendi nkhani yake ndi ina. Mitengo asaiganizire n'komwe, ndipo manyowa ambiri akhoza kungokometsera mwini munda, amene akaona chimanga chadera bii chaka chamawa amati alima yekha kapena akweza mtengo. Iyeyu zake ndi zobweza chaka chomwecho: feteleza kapena Mbeya paphando, ndi mtedza kapena soya amene amachoka msanga. Nandolo wochedwa ayambe wafunsa, chifukwa eni minda ena amafuna munda wawo chimanga chikangochoka. Ngati mwini munda ndi womvana naye, apangane zaka zitatu pamaso pa amfumu, mtengo wa lendi n'kulembedwa papepala, kenako ndiye ayambe kututira manyowa.